Chigamulo Chinamvekera Kometetsa

Bambo anayambanso kulira atangomva galimoto ya ku khothi ikuima panja. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali namwino, anawayang'ana cham'mbali. Chiikireni maliro a mayi, misozi ya bambo inkadziwa nthawi yake: inkatuluka alendo akafika, n'kuuma mbale ikabwera.

Analowa mkulu wa alembi, munthu wa imvi amene anagwira ntchito ndi malemuwo ku khothi lalikulu. Anapepesa, n'kukhala m'mphepete mwa mpando.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa. Mayi ankatayipa zigamulo za oweruza, ndipo akamaliza ankawerenga motulutsa mawu kuti khutu ligwire zimene diso laphonya. Tsiku lina ntchito itawachulukira, anabwera nayo kunyumba n'kudzitsekera kuchipinda. Mawa lake chigamulo cha mlandu wa kampani ya mabasi chinali m'kamwa mwa tauni yonse, woweruza asanachiwerenge n'komwe. Mayi anaimitsidwa ntchito, ndipo mtima wawo sunadikire kuti komiti imalize kufufuza.

"Komiti ikufuna kutseka nkhaniyi," anatero mkuluyo. "Zikakhala chonchi, palembedwa kuti anachotsedwa ntchito chifukwa choulula chinsinsi. Ndiye ndimati ndimve kaye kwa inu a m'nyumba."

Bambo anamina mwaphokoso.

"Aaa, achimwene, tinene chiyani ife? Akazi mukuwadziwa. Anali munthu wabwino, inde, koma pakamwa... mwina anangomuuzako mnzake kumsika."

Namwino ananyansidwa. Munthu ameneyu! Moyo wake wonse ankayenda chotukula chifuwa ndi "akazi anga a ku khothi", iye mwini wopanda chake choti anthu amudziwire. Madzulo a tsiku limene mayi anadzitsekera, namwino anawaona bambowo ndi maso ake, khutu litamatirira pachitseko cha kuchipinda, thaulo lili paphewa ngati akupita kosamba. Kutacha anathamangira kometetsa, m'mutu mulibe n'choti amete chomwe.

"Bambo, auzeni zimene munakanena kometetsa."

"Iwe! Ukuyankhula ndi ndani? Dothi la pamanda silinaume n'komwe!"

"Ndi inu. Munawadyera ali moyo, musawadyerenso ali m'manda."

Bambo anatembenukira kwa mlendo kufuna chifundo, koma ulendo uno misozi inakana kubwera.

Mkulu wa alembi sanadabwe.

"Tikudziwa, mwana wanga. Wometayo anatiuza kalekale. Tsiku limene ndinawaitana mayi ako ku ofesi, ndinatulutsa cholembera kuti ndilembe dzina la amuna awo. Mayi akowo anachichotsa m'dzanja langa mwaulemu, anachitseka bwinobwino, n'kundibwezera m'thumba la malaya. Anati, 'Amene anatulutsa mapepala mu ofesi ndine. Bamboyo musiyeni, ndi wamantha, ku polisi sangapirire.'"

Bambo anazyolika. Ngakhale pamenepo namwino anaona bwino kuti chawapweteka si zimene mkazi wawo anasenza, koma kutchedwa wamantha pamaso pa mlendo.

Namwino anadzuka, anagwada pafupi ndi mkuluyo, n'kupempha cholembera chimene chinali m'thumba mwake. Anachitsegula pang'onopang'ono, n'kumuikira m'dzanja.

"Lembani, bambo," anauza mkuluyo motsitsa mawu. "Muyambire pamene mayi anachitsekera."