Makina a Impso a ku Tullawarra

Kalata inafika Lachiwiri. Inanena kuti makina awiri osefa magazi a pachipatala chathu cha Tullawarra awachotsa kumapeto kwa Juni. Mwamuna wanga Murray Kowald impso zake zinasiya kugwira ntchito zaka zinayi zapitazo, ndipo amakhala pa makinawo katatu pa sabata. Kuwachotsa kunatanthauza ulendo wa kumzinda, maola atatu kupita, atatu kubwera. Thupi lake silikanapirira. Tikanagulitsa nkhosa ndi munda wa tirigu umene anabadwirapo n'kusamuka.

"Ine kumzinda ndidzapita ndili m'bokosi," anatero Murray.

"Ndiye upeze wina wokunyamula, ine msana ukundipweteka," ndinamuyankha. Koma mumtima ndinali ndi mantha.

Ine si munthu wopinda manja. Ndinagula mapepala, ndinalemba dandaulo lathu patsamba loyamba, n'kuyamba kuyenda: kumsika wa nkhosa, kutchalitchi, kubwalo la mpira Loweruka. Pa masabata atatu anthu 812 anasayina. Masamba makumi anayi! Ndinkayenda modzimva.

Ndikulowa mu positi ofesi kukatumiza, ndinakumana ndi a Glenys Trethewey, amene munda wawo unagundana ndi wathu. Mayi amenewa anayamba ngati namwino pachipatala chomwechi, kenako anakhala khansala, kenako phungu wathu ku Nyumba ya Malamulo ya chigawo kwa zaka 22. Zaka zisanu anali nduna ya zaumoyo. Ndi iwo amene anasayina kuti wodi ya amayi oyembekezera itsekedwe kuno. Chaka chotsatira mdzukulu wathu anabadwira m'galimoto pamsewu wa kumzinda, ndipo pachisankho tinawagwetsa. Kuyambira pamenepo Murray sanawapatseko moni. Masiku ano amaweta njuchi.

"Lorraine, ndione nawo mapepalawo," anatero.

Ndinkafuna kukana, koma anali atatambasula kale dzanja. Anavala magalasi, anatsegula tsamba lachiwiri, lachitatu, n'kupukusa mutu.

"Ntchito mwaigwira, koma awa sapita patali. Pa envelopu mwalemba Canberra, likulu la boma la dziko lonse, chonsecho chipatala chathu chili m'manja mwa boma la chigawo. Koma vuto lalikulu ndi ili: pempho lanu lili patsamba loyamba lokha. Nyumba ya Malamulo imafuna pempho pamwamba pa tsamba lililonse, kuti zidziwike kuti aliyense anawerenga chimene wasayinira. Masamba enawa ndi mayina chabe. Akhoza kukhala a anthu ofuna mpikisano wa makeke."

"Ndiye masabata atatu apita pachabe?"

"Apita. Koma aphungu atsala ndi masiku khumi ndi awiri asanapite kutchuthi. Nthawi ilipo."

Ndinakalirira m'galimoto, osati pamaso pawo.

Masana omwewo anabwera kwathu ndi botolo la uchi. Murray anawayang'ana ali pampando wake.

"Lero mwabwera kudzatseka chiyani?" anafunsa.

A Glenys anakhala pansi osadikira kupatsidwa mpando. "Murray, wodi ija ndinasayina ndine, sindikana, ndipo imandiwawa mpaka lero. Koma tamvani. Pamsonkhano wa nduna ndinailimbikira. Anzanga anandifunsa kuti, 'Anthu akwanu odandaulawo ali kuti?' Inu munatukwana kumalo omwera mowa, munalemba dzina langa pakhoma la chimbudzi cha kubwalo la mpira, koma ku Nyumba ya Malamulo sikunafike pepala ngakhale limodzi. Ndinalowa chimanjamanja, ndinatuluka nditagonja. Mkwiyo wa kumowa sufika pa tebulo la nduna."

 Murray anati, "Lorraine, apatse tiyi."

Pa tebulo lathu lomwelo anandiphunzitsa. Pempho likhale lalifupi: likupita kwa ndani, olembawo ndife yani, vuto n'chiyani, tikupempha chiyani. Mawu aulemu, opanda chipongwe. Lisindikizidwe pamwamba pa tsamba lililonse. Munthu aliyense alembe dzina ndi kumene akukhala, asayine ndi dzanja lake. Zikatha, tikapereke kwa phungu wathu, chifukwa ndi phungu amene amalowa nalo mu Nyumba.

"Koma phungu ameneyo ife sitinamuvotere," ndinatero.

"Ndi wanu basi, mumuvotere musamuvotere. Ntchito yake ndi imeneyo."

Tinasindikiza masamba ku laibulale n'kuyambiranso. Kubwerera kwa anthu omwe aja kunali kochititsa manyazi. Dale wa kumalo ometera nkhosa anandiseka. "Mayi Kowald, kachiwiri? Kachitatu ndidzafuna mowa!" Koma anasayina, n'kuitananso anzake onse.

A Glenys, ndi zaka zawo 78 ndi ndodo m'manja, anatenga misewu ya kumtunda kwa tauni. Ena anawatsekera zitseko. Mayi wina anawalalatira mpaka agalu anauwa. Iwo anadikira kuti amalize, n'kunena kuti, "Zonsezo n'zoona. Tsopano sayinirani Murray." Mayiyo anasayina. Kunena zoona, ine chipongwe chotere sindikanachipirira.

Tsiku lakhumi tinali ndi mayina 1,046. Phungu anawalandira, anakawapereka mu Nyumba, ndipo anatikonzera zoti tikaonane ndi nduna ya tsopano. A Glenys anatilangiza kuti, "Mphindi zanu ndi zochepa. Musakafotokoze mbiri ya dziko. Pempho limodzi basi." Murray anamvera. Anangopinda malaya, n'kuonetsa ndunayo mkono wake wodzaza zipsera za singano. "Maola asanu ndi limodzi pamsewu, katatu pa sabata," anatero. "Inu mungathe?"

Pakati pa Juni kunabwera kalata ina. Makina akhala pomwepo. Ndinaiwerenga katatu ndisanamuitane Murray.

Loweruka lotsatira ndinamuona akupita kumpanda wa pakati pa munda wathu ndi wa a Glenys atanyamula pulayala ndi matabwa. Anadula waya n'kuikapo kageti kakang'ono.

"Ukutani?" ndinafunsa.

"Mayi ajawo akalamba. Asamazungulire kumsewu."

Anzanga, nduna ndi aphungu ndi anthu, amalakwa, ndipo tili ndi ufulu wowakwiyira. Koma mkwiyo pawokha susintha kanthu. Mukakhala ndi dandaulo, dziwani boma limene likuyendetsa nkhaniyo, funsani ku ofesi ya phungu wanu kalembedwe koyenera musanasonkhanitse mayina, ndipo ikani pempho lanu pamwamba pa tsamba lililonse. Zaka zija tinatukwana, wodi inapita. Ulendo uno tinalemba, ndipo Murray akugonabe m'nyumba imene anabadwiramo.