Kadontho Konenepa

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo pa yunivesite aliyense amadziwa zimenezo. Ophunzira amanditcha Mayi Moto, akuganiza kuti sindimva.

Anzanga amaweta nkhuku, ine ndimaweta mabakiteriya. Mtundu wina ndinaupeza ndekha m'dothi zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, umatulutsa mankhwala opha chuku chowononga mbewu. Ndiwo unandipatsa dzina, ofesi ya zenera ndi mpando wozungulira. Lolemba lililonse ndinkausamutsira m'mbale yatsopano yagalasi ndi dzanja langa, wina osakhudzako. Pa timadontho tomera m'mbalemo ndinkasankha konenepa kuposa tonse. Ndani amasunga mbewu yonyentchera?

Kenaka kunabwera Bambo a Mapasa, munthu wofatsa, amene anasiya uphunzitsi kuti adzachite digiri yaudokotala m'manja mwanga. Ntchito yawo inali kukulitsa mabakiteriyawo m'thanki yachitsulo ya malita makumi asanu, n'kuyeza mankhwala otuluka. Thanki inkachita thovu, madzi n'kukhuthala ngati phala, koma mankhwala ankangocheperachepera chaka ndi chaka.

"Bambo inu, thankiyi mumaitsuka kapena mumangoipatsa moni?" ndinkawafunsa pamaso pa anzawo.

"Ndiyesanso, Madamu."

Anayesanso kwa zaka zinayi. Komiti itandifunsa ngati n'koyenera kuwawonjezera nthawi, ndinalemba mizere itatu yokha, yonena kuti wophunzirayu ndi wosasamala. Anawachotsa, nachoka opanda digiri.

Ndinavala gawuni yoyera kuti ndionetse anthu mmene ntchito imagwiridwira. Thanki ndinatsuka ndekha, n'kuyeza ndekha, koma mankhwala kunalibe. Ndinabwereza, chimodzimodzi. Apo ndinatsegula firiji n'kufukula pansi penipeni kachubu ka mabakiteriya amene ndinaumitsa chaka chimene ndinawapeza. Nditawabzala, patatha masiku awiri m'mbale munamera timadontho tating'onoting'ono tomvetsa chisoni, koma chuku sichinayerekeze kuyandikira timadonthoto.

Apo m'pamene ndinazindikira. Kupanga mankhwala kumadya mphamvu, choncho timadontho toleka kupanga ndito tinkanenepa. Sabata ndi sabata ine ndinkasankha aulesi, akhama n'kumawataya m'ndowa. Zimenezi ndimaphunzitsa ana a chaka chachiwiri, ndipo wolephera funsolo ndimamuseka.

Ndinathamangira kwa wapampando wa komiti. Anandimvetsera akusaka magalasi awo pansi pa mapepala.

"Fayilo ija inatsekedwa, Mayi, malo tinapatsa wina. Akafuna alembetse poyambirira."

Bambo a Mapasa ndinakawapeza pa kasukulu kena kamene kali pamwamba pa sitolo ya utoto. Masitepe ake anali amdima, onunkha palafini. Anatuluka m'kalasi choko chili m'manja, nandipatsa moni ndi manja awiri ngati sindinawalakwire. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe. Ndinafotokoza zonse movutikira, chifukwa kupepesa sindinakuzolowere.

"Ndinkadziwa, Madamu," anatero. "Chaka chachitatu ndinatola kadontho kakang'ono m'mbale yomwe munataya. Kanagwira ntchito."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndinabwera ku ofesi kwanu. Nditangoti 'mbale zanu zija', munandifunsa kuti pakati pa inu ndi ine dokotala ndani."

Ndinakumbukira tsikulo. Ndinakumbukiranso kuti atatuluka ndinaseka, n'kukafotokozera anzanga pa tiyi.

"Bwererani," ndinawachonderera. "Ndilemba kalata ina, yamasamba khumi ngati n'kofunika. Muyambirenso, ulendo uno zitheka."

Anayang'ana choko chawo, kenaka chitseko cha kalasi, momwe ana anali atayamba kale phokoso.

"Mayi a kunyumba anasenza banja okha zaka zinayi, akuuza abale awo kuti akudikira dokotala. Zaka zina zinayi ndilibe, Madamu. Mundilole, ana akundidikira."

Analowa n'kutseka chitseko pang'onopang'ono, kuti chisandiwombe kumaso.