Paipi Yobwerera ku Thanki

Achimwene anga a Paston sapereka moni asanakhudze makina. Akalowa m'fakitale amayamba apita pa thanki ya oyilo, n'kuika kuseri kwa dzanja pachitsulo, n'kumawerenga chamumtima. Akafika pa khumi dzanja lili pomwepo, amatembenuka n'kutifunsa mmene tadzukira. Akalichotsa msanga chifukwa cha kutentha, tsiku limenelo moni kulibe. Okutobala uno tinatha milungu itatu osalandira moni.

Ine ndine Esnat. Ndimagwira ntchito ku Makata, pa makina opsinjira mabotolo apulasitiki kuti akhale mabelo. Ndikakoka handulo, oyilo amakankha chitsulo chachikulu, chimatsika, mabotolo n'kuphwanyika. Ntchitoyi anandipezera achimwenewo, omwe ndi okonza makina, madzi atakokolola nyumba yathu ku Nsanje. Ndili ndi ana awiri ndi chipinda chimodzi ku Soche. Kumudzi kobwerera kulibe. Pamene panali nyumba pali mchenga.

Dzuwa likafika pamutu, oyilo ankatentha mpaka kusanduka ngati madzi. Makina ankafooka, chitsulo chinkatsika ngati chikudwala, oyilo akudontha paliponse. Masana tinkangokhala pamabelo. Lolemba bwana Fahim, mwini fakitale, anatipeza titakhala choncho.

"Lachisanu ndidzaima pano tsiku lonse," anatero. "Makinawa akadzafookanso, ndiwagulitsa kwa a sikirapu. Nonse a mbali ino muzikapuma kwanu."

Pankafunika choziziritsa oyilo. M'sitolo ya fakitale munali chimodzi chakale, choyendera madzi. A Chrispine, amene ankakonza magalimoto a bwana asanawakweze kukhala kapitawo, anachikoka n'kuchipukuta fumbi.

"Ichi chilipo kale. Timange."

"Madzi ake ati?" anafunsa achimwene. "Mpopi uwu umauma teni koloko, nthawi yomwe oyilo akuyamba kuwira. Muzichithira malovu? Pakufunika cha fani."

Lachiwiri ndinawaperekeza ku Limbe, kwa a Abdala ogulitsa zitsulo zakale, kuti ndikathandize kunyamula. A Abdala anatulutsa kakang'ono ka m'galimoto, konyezimira. Achimwene anaika pakamwa n'kuuzira, masaya mpaka kutupa.

"Oyilo wathu angadutse umu? Zikhala ngati anthu a pa Limbe kulimbirana chitseko cha minibasi imodzi. Tipatseni chokhala ndi kukamwa kwakukulu ngati paipi iyi."

Anali atatenga kachidutswa ka paipi m'thumba. Tinafukula milu itatu ya zitsulo dzuwa likutiotcha, mpaka tinapeza cha pa gireda yokonzera misewu, chachikulu ngati zenera, fani yake ili pomwepo. Achimwene anatseka kukamwa kumodzi, n'kuthira palafini, n'kudikira. Sichinadonthe. Ndinachisenza pamutu mpaka pa siteji, kondakitala akulalata kuti chikudya malo a anthu awiri.

Mkangano unabuka Lachitatu. Makina aja ali ndi mapaipi awiri akuluakulu. Ina imachoka ku pampu, ndipo ndi imene imanyamula mphamvu yonse. Ina imabweza oyilo ku thanki atamaliza ntchito, akungoyenda mwaulesi. Achimwene ankafuna kumanga choziziritsacho pa yobwererayo, koma cholumikizira chake sichinagwirizane, ndipo wosula anati chipezeka Lolemba. Paipi ya ku pampu inkangolowa bwinobwino ngati anapangira pomwepo.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero a Chrispine. "Oyilo ndi yemweyo. Mangani apa."

"Gogodani ichi," anatero achimwene, akumenya choziziritsacho ndi chala. "Chopyapyala ngati chitini cha mkaka. Mphamvu imene imafinya matumba zana a mabotolo mukufuna idutse umu? Chiphulika pa kukoka koyamba. Ndipo amene amaima apa ndi mlongo wanga."

"Zaka khumi ndi zisanu ndikukonza magalimoto, ine."

"Ndiye pitani mukakonze galimoto. Awa si Corolla."

Anthu anaseka, ndipo kusekako n'kumene kunawononga zinthu. A Chrispine analowa mu ofesi. Bwana atatuluka sanafunse za mapaipi. Anangomva mawu oti Lolemba, n'kuloza geti. Achimwene anatola zida zawo n'kumapita, mlonda atauzidwa kuti asadzawalolenso.

Lachinayi ndinaima n'kumaonerera a Chrispine akumanga choziziritsa chija pa paipi ya ku pampu. Anamanga mwaukhondo, sindinama. Anachiika pambali pa handulo, molingana ndi mimba yanga, n'kuchipaka penti wabuluu. Kuyesa anakana, akuti penti aume, bwana adzaone yekha chikuyamba.

"Mawa ukoka ndiwe, chemwali. Ubwere utachapa ovololo."

Nditaweruka sindinapite kwathu. Ndinawapeza achimwene pakhonde pawo, chitini cha zida chili pamapazi.

"Usapite mawa," anatero ndisanakhale n'komwe.

"Ndikapanda kupita andichotsa."

"Akuchotse uli ndi khungu lako."

"Ndiye ana ndipite nawo kuti? Pamchenga paja? Inu mwatuluka ndi sipanala zanu, mawa wina akuitanani. Ine ndituluka ndi chiyani, handulo?"

Alamu anabwera ndi madzi akumwa, anatiyang'ana, n'kubwerera nawo.

"Palibe njira ina yomangira pa yobwererayo, popanda cholumikizira chija?" ndinafunsa.

Anakanda kuseri kwa dzanja. "Ilipo. Ndi ntchito yauve, sindiikonda. Kudula paipi, kuiveka pakamwa pa choziziritsa, kumanga ndi mabande achitsulo awiriawiri. Kumeneko kulibe mphamvu yambiri. Mpaka Lolemba ingagwire."

"Ndiye dzulo simunanene bwanji?"

"Ndinali nditapsa mtima."

Ndinafuna kuwagenda ndi chitini chawocho. Anthu asanu ndi mmodzi ntchito ili pafupi kutha, chifukwa amuna awiri amalimbirana kuti wodziwa ndani.

"Pa geti sakulolani," ndinatero. "Ine andilola. Mlonda uja, a Kalimu, amatsegulira osesa faifi koloko. A Chrispine amafika hafu seveni."

"Iwe Esnat, sunagwirepo sipanala."

"Zaka zinayi ndikukupatsirani sipanala. Mukuganiza maso ndinkasiya kunyumba?"

"Akakupeza ukumasula makina a bwana, akuchotsa ntchito pompo."

"Ndikakhala pakhomo, andichotsanso pompo. Ndikakoka handulo, ndi kuchipatala. Jambulani."

Anang'amba katoni n'kujambula ndi pensulo ya mwana wawo. Uyambe wazimitsa magetsi pa bokosi. Ukoke handulo kangapo makina ali chete, mphamvu yotsalira ituluke. Umasule choziziritsa, paipi ya ku pampu uibwezere mmene inalili, uimange mpaka mkono uwawe. Yobwerera uidule pafupi ndi thanki, beseni lili pansi. Oyilo alowere kukamwa kwa m'munsi, atulukire kwa pamwamba, kuti mpweya usatsekeredwe m'kati. Fani isayang'ane khoma. Ukatha uwonjezere oyilo m'thanki, poti choziziritsacho chimwa wambiri.

Anandibwerezetsa katatu ngati katekisimu. Kachiwiri ndinaiwala za magetsi, ndipo anamenya katoniyo ndi chikhatho mpaka nkhuku zinathawa.

"Likakana bawuti, usalimbane nalo ndi manja. Uveke paipi iyi pa sipanala, utsamire ndi thupi lonse. Thupi uli nalo."

"Nanga chikadontha?"

"Chikadontha chingokunyowetsa mapazi. Icho cha a Chrispine chikusenda."

Ndinafika kwathu dzuwa litalowa. Ana anali kwa aneba. Ndinatenga chikwama chimene ndimapita nacho ku tchalitchi, n'kukhuthula buku la nyimbo ndi mpango pamphasa. Ndinaikamo zida zimene achimwene anandipatsa: sipanala zitatu, sowo yodulira paipi, mabande anayi ndi awiri apadera, sikuludiraiva, ndi kachidutswa ka paipi kotsamira. Chilichonse ndinachikulunga m'chitenje chakechake kuti zisalire pa geti. Katoni ija ndinaipinda kanayi n'kuiika pansi penipeni, ovololo yochapa pamwamba. Zipi inakana kutseka, ndiye ndinamanga ndi chingwe, n'kuchiika pafupi ndi chitseko.