Ndakatulo ya Malume Imene Ndinaikonza

"Wachotseranji mano a thambo?" anandifunsa malume ataimirira pa tebulo langa, pepala lili m'manja.

Ndinkagwira ntchito yokonza zolakwika pa kampani yosindikiza mabuku, ndipo ndinkadzimva kwabasi. Malume anabwerako kunkhondo ali ochepa mawu. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri, mkazi wa mnzawo amene anafera komweko ankawafunsa funso limodzi: mwamuna wanga anafa bwanji? Pakamwa pawo sipankatuluka kanthu, mpaka analemba ndakatulo n'kundipatsa kuti ndiwatayipire. Ine, ndi nzeru zangazo, ndinaikonza. Mtsinje wokwera phiri ndinautsitsa, dzuwa lobiriwira ndinalifiiritsa, thambo ndinalizula mano.

"Malume, thambo lilibe mano. Mayi aja akufuna zoona."

"Iwe unaliko?" Anangotero, n'kupinda pepala lawo lolemba pamanja.

Mawa lake masana tinawapeza mayiwo pa makina awo osokera, mapini ali kukamwa. Ndinawawerengera yanga yokonzedwa ija. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto.

"Zikomo, mwanawe," anatero. "Koma zimenezi ndinaziwerenga kale m'kalata ya asilikali."

Manyazi anandigwira. Malume anatulutsa pepala lawo, anayesa kuwerenga, n'kulekera pa mzere woyamba. Anandipatsa ine osandiyang'ana.

Ndinayamba monyinyirika. Koma mtsinje utayamba kukwera phiri, chipindacho chinakhala ngati chapendekeka. Nsalu zopachikidwa pakhoma zinkapuma pang'onopang'ono, ndipo mawu anga ndinkawamva akuchokera kutali, ngati a munthu amene akuitana kutsidya. Mantha anandilowa, mantha a malo amene sindinapondeko. Kenako ndinafika pa mzere umene ndinali nditaufufutiratu chifukwa unkaoneka wopanda mutu: "Kunang'anima, mnzanga n'kusanduka mvula yofunda, tinayenda masiku atatu titanyowa naye."

Mayiwo analavulira mapini m'dzanja.

"Yofunda, alamu?"

"Yofunda, mlamu," anayankha malume.

"Ndiye kuti sanazizidwe. Paja ankadana n'kuzizira, munthu uja."

Anaimirira, nsalu imene ankasoka n'kugwa pansi, iwo osaitola. Anatsegula zenera. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, popanda ngakhale kamtambo, koma iwo anatulutsa dzanja, chikhatho chitaloza kumwamba, n'kudikira.