Kugogoda Kawiri Patebulo

Pafakitale yonse ankawatchula Aphunzitsi, poti aliyense wowotcherera timawaya pa mabolodi a makina a m'chipatala anadutsa m'manja mwawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pampando umodzi! Ndiye kunabwera lamulo lakuti wopanda satifiketi ya boma asakhudzenso bolodi. Anang'ung'udza, komabe anapita kumayeso.

M'chipindamo munali matebulo makumi awiri, aliyense bolodi lake ndi chowotchera chake. Iwo anamaliza anzawo asanafike n'pakati pomwe. Maso osamva kukhalawo anagwera patebulo loyandikana, pomwe mayi wa magalasi, amene anayamba ntchito chaka chatha chomwechi, ankalowetsa kachipangizo mozondotsa.

Kufakitaleko mnzako akamalakwitsa sumuchititsa manyazi, umangogogoda patebulo kawiri. Dzanja la Aphunzitsi linagogoda lokha, go go. Wa magalasi anayang'anitsitsa bolodi lake n'kutembenuza kachipangizo kaja.

"Mayi, tulukani," woyang'anira mayeso anauza Aphunzitsi. "Mwaonetsa mnzanu."

"Kuonetsa? Bambo inu, kanthu kameneko kakanapsa! Taonani kaye ntchito yanga."

"Mudzabwerenso chaka chamawa."

Bolodilo sanaliyang'ane n'komwe, munthu wa manja osalala amene mwina sanapsepo chala chibadwire.

Wa magalasi anakhoza, nanga akanalephera bwanji? Lolemba kapitawo anampatsa mpando wa Aphunzitsi, eni akewo n'kuwatumiza kuseri kukamata makatoni. Zinawapweteka, zinawanyansa, ndipo sanabise. Tepi ankaikoka mwaukali mpaka ku ofesi ankamva.

Lachinayi wa magalasi anatulukira kuseriko atanyamula bolodi, kapitawo ali pambuyo pake, thukuta kamukamu.

"Aphunzitsi, pepani. Mabolodi onse akubwezedwa, ndipo sitikuona chalakwika. Tatithandizani."

Kungoponya diso kamodzi, anachiona: pakona, pamene chowotchera sichinatenthe mokwanira. Pakamwa panayabwa kuti anene. Mayiyu analibe mlandu, ankadziwa, koma anatembenukira kwa kapitawo.

"Mukundilola kuti ndiligwire?"

Kapitawo anakanda m'mutu. "Kugwira ayi, lamulo mukulidziwa. Mungoyang'ana basi, mutiuze."

"Oho! Manja ndi oletsedwa, koma maso ndi aulere?" Anaseka kuseka kowawa. "Amenewanso sanakhoze mayeso, bwana. Kaitaneni uja ananditulutsa adzakuonereni."

Wa magalasi misozi inalengeza. Aphunzitsi anayang'ana kumbali, anakoka katoni ina n'kuyamba kumata.