Mikoshi Pakhomo pa Masue

Chikondwerero cha zokolola chisanafike n'komwe, mudzi wonse unkadziwa nyumba imene mulungu adzaigunde chaka chimenecho. Inali sitolo ya mayi Masue yogulitsa tofu, chakudya chofewa chopangidwa ndi soya.

Mlandu wawo unali wa nthambi. Mtengo wopatulika wa pakachisi, womangidwa chingwe cha mapesi a mpunga uja, unkawaswera matailosi a denga mphepo ikawomba. Anadandaula kwa wansembe mpaka pakamwa kuuma, wansembe n'kumangogwedeza mutu. Tsiku lina Masue anakwera makwerero ndi sowo wawo n'kuidula nthambiyo. Kuyambira pamenepo anthu ankakagula tofu wowawasa kutsidya kwa mlatho, bola asaponde pakhomo pawo.

Pamudzipo mikoshi, kachisi wamng'ono wonyamula pamapewa, ikagunda nyumba panalibe wozenga mlandu. Ankati amaiyendetsa ndi mulungu amene ali m'katimo. Masue ankangoseka. Mulungu wanji wosankhira njira pamowa kunyumba kwa Gonda, mkulu wa onyamula?

Ankadalira Ryuhei, mwana wawo yekhayo, amene Gonda anamuika kunyamula kutsogolo.

"Wokhotetsa ndi wakutsogolo," anatero Masue m'mawa wa tsiku la chikondwererolo akumumanga lamba. "Ukaidutsitse patali ndi galasi langa."

"Amayi, simudziwa kulemera kwake chinthu chija."

"Ndinakubereka kumsana iwe, usandiuze za kulemera. Ukuganiza Gonda wakuika pamenepo chifukwa chokukonda?"

"Mukanangousiya mtengo uja! Chaka chonse anzanga akunditcha mwana wa sowo."

"Ndiye pita ukawasangalatse anzakowo, chitsiru iwe."

Mnyamatayo anatuluka osatseka chitseko.

Masana ng'oma zinamveka kumtunda. Masue anaima pakhomo ndi thireyi ya mowa wa mpunga monga mwambo ufunira. Mikoshi inatsika ikuyepayepa, mbalame yagolide yapadenga pake ikunjenjemera, onyamula akukuwa "Washoi! Washoi!" Inadutsa kwa ometa bwinobwino. Inadutsa kwa ogulitsa nsomba. Itafika kwa Masue, mulungu anayamba kuledzera, mikoshi n'kumadzandira molunjika sitolo.

"Chokanipo mayi!" anafuula Gonda, mano onse panja. "Akuluakulu ali m'katimu akwiya lero, ife sitingawagwire!"

Masue sanayang'ane Gonda, anayang'ana mapazi a mwana wawo. Munthu wokana amaponda ndi chidendene. Ryuhei ankaponda ndi zala, akukankha.

Galasi linasweka, phwaa! Thanki ya madzi yosungiramo tofu inagubuduka, tofu yense wa tsikulo n'kumwazika pansi, anthu akuwomba m'manja. Ngakhale wansembe anayang'ana kumbali kubisa kumwetulira.

"Nyumba yadalitsika iyi!" anatero Gonda. "Thokozanitu mayi, anthu akuona."

Masue anawerama pamaso pa mikoshi, mano ali gwa, n'kuthokoza mulungu chifukwa chowachezera. Kenako anayamba kuthirira onyamula mowa, mmodzimmodzi, akuponda magalasi. Anamuthirira Gonda. Anawathirira anyamata amene anakula akudya tofu wawo waulere. Sanadumphe ndi mmodzi yemwe.

Ryuhei anali womaliza, phewa litatupa, maso pansi.

"Si ine amayi," ananong'ona. "Ndi mulungu."

Masue anamudzazira kapu ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene amapatsa mlendo wosamudziwa.

"Imwani bambo, mwagwira ntchito," anatero mokweza kuti onse amve. "Mukafika kwanuko mukawapatse moni amayi anu."