Bedi la ku Kadoma

Belinda anabadwira ku Kadoma, m'dziko la Zimbabwe, ndipo za ku Malawi ankangozimva kwa mwamuna wake Levison, dalaivala wa mathiraki. Tsiku limene anafika ku Biwi, miyendo inali itatupa ndi ulendo wa pa basi wodzera ku Tete. Levison anamulowetsa m'nyumba ya lendi imene anapeza kuseri kwa magalaji, n'kumusiyira makiyi. Madzulo omwewo ananyamuka ndi thiraki kupita ku Beira.

M'nyumbamo munali mbee! Amene ankakhalamo kale anachotsa mababu, chitseko cha kuchipinda, ngakhale misomali yokolekapo makatani. Belinda anasesa zitosi za makoswe ndi chidutswa cha katoni, n'kupanikiza chitenje pawindo kuti odutsa asamusuzumire. Sabata imeneyo ankagona pa jekete la mwamuna wake, chakudya n'kumadyera pa sutikesi. Akapita kogula tomato ankangoloza ndi chala, poti Chichewa chake chinali chothyokathyoka ndipo amayi a pamsika ankamuseka.

Katundu wake anafika Loweruka pa lole: matiresi, mapoto, ndi bedi lachitsulo limene mayi ake anamupatsa paukwati. Koma bedilo linakana kulowa pakhomo. Amuna a pa lolewo analiyesa cham'mbali, analiyesa choimika mpaka khoma linagumuka pang'ono, kenako analisiya pakhonde n'kumapita.

Amayi Tiwale, eni nyumbayo, anatulukira akupukuta m'manja.

"Limeneli lisagone panja, mwanangu. Kuno ndi ku Biwi, mawa mukalipeza pamsika litasanduka mbaula."

Anamuitanira Misheck, wowotcherera zitsulo wa pafupi pomwepo. Iye analizungulira bedilo, n'kuligogoda ndi chala.

"Tilidule pakati, mayi, tilowetse, ndikalilumikizire m'kati momwemo."

"Ndi la mayi anga," anatero Belinda, akusakasaka mawu. "Osawononga, chonde."

"Simudzaona n'chipsera chomwe."

Pamene makina anayamba kudya chitsulo, Belinda anayang'ana kumbali. Anakumbukira mayi ake akulipaka penti yoyera pabwalo ku Kadoma, akumulangiza kuti asadzagone pansi kudziko la eni. Zidutswa ziwirizo zinalowa bwinobwino. Misheck anakoka waya kuchokera kwa Amayi Tiwale, n'kuvala magalasi ake akuda. Atangogunditsa chowotcherera pachitsulo kamodzi, magetsi anathima.

Anadikira. Misheck anasuta fodya pakhonde mpaka anatopa.

"Awa akatere sabwera msanga," anatero akupinda waya wake. "Mawa ndi Lamulungu, ine ndimaimba kwaya. Tionana Lolemba."

Belinda anaimbira foni Levison. Anangoti ali pamzere pa boda, apirire, kenako foni inaduka.

Belinda anakhala pansi pakati pa zidutswa za bedi, osalira. Posakhalitsa Amayi Tiwale anagogoda, atanyamula mpando wapulasitiki ndi ndowa ya madzi.

"Kampopi kayamba kudontha pang'onopang'ono, ndiye kuti madzi asiya posachedwa. Sungani awa. Mpandowu mudzabweza mukadzagula wanu."

"Zikomo, amayi."

"Mwadya koma?"

"Ndatopa chabe."

Mayiwo anamuthandiza kukokera matiresi pakona, n'kutseka chitseko potuluka. Dzuwa linali lidakali m'mwamba ndipo nyundo zinkalirabe kumagalaji, koma Belinda anadziponya pamatiresipo osavula ngakhale nsapato, tulo n'kumutenga.